Edinburgh Review ndi Wosindikiza Wake

M'zaka za m'ma 1700, magazini oweruza mabuku ku Britain kawirikawiri anali m'manja mwa ogulitsa mabuku. Olembamo analandira ndalama zocepa, ndipo wowerenga sanathe kudziwa ngati buku liyamikidwa cifukwa ca ubwino wake, kapena cifukwa mwini sitolo afuna kuti lithe msanga.

Mu October 1802 anyamata anai okhala mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland anayamba magazini yao, naicha Edinburgh Review. Iwowa ndiwo Sydney Smith, amene anali mbusa, ndi Francis Jeffrey, Francis Horner ndi Henry Brougham, ophunzira za malamulo. Inatuluka kanai pa caka, ndipo olemba sanaike maina ao pa nkhani zao. Wosindikiza anali Archibald Constable. Iye anabvomera zinthu ziwiri zimene anzace sanazolowere: kulipira bwino, ndi kusalowerera nchito ya mkonzi. Posacedwa anayamba kulipira magini 10, ndiwo mapaundi 10 ndi masheleni 10, pa masamba 16 alionse. Wolemba aliyense, ngakhale wacuma, anayenera kulandira malipirowo, kuti wosauka asacite manyazi kulandira ace.

Pangano limeneli linayesedwa kolimba mu 1808. Constable anali atapatsa Walter Scott magini 1,000 kuti asindikize ndakatulo yace yochedwa Marmion. Jeffrey, amene anali mkonzi kuyambira 1803 kufikira 1829, anaiwerenga, nalemba zolakwa zace mosabisa m'magazini ya Constable yemweyo. Munthu wamalonda sakondwa kuona katundu wace acepetsedwa pakhomo pace pomwe. Komabe nkhaniyo inasindikizidwa, ndipo Jeffrey anakhalabe pampando. M'caka comweco inatuluka nkhani ina yonena za nkhondo ya ku Spain, imene inakwiyitsa a cipani ca Tory. Scott analeka kugula magaziniyo, nathandiza John Murray wa ku London kuyamba Quarterly Review mu 1809, kuti itsutsane nayo.

Ufuluwo sunabale ciweruzo colungama nthawi zonse. Smith ananyoza amishoni a Baptist a ku India mu 1808, nawaseka cifukwa ena a iwo anali amisiri wamba, monga William Carey wosoka nsapato. Apa nzeru inacepa, mwano unacuruka. Brougham nayenso anapeputsa buku loyamba la Byron, ndipo Byron anabwezera ndi ndakatulo yowawa mu 1809. Koma anthu anagulabe, pakuti anadziwa kuti mauwo, abwino kapena oipa, ndi a wolemba mwini.

Constable anagwa m'ngongole zazikuru mu 1826, pamodzi ndi Scott, amene anali atayanjana naye kale. Magazini inatengedwa ndi a Longman a ku London, dzina limene pambuyo pace aphunzitsi ambiri a mu Afrika analiona pa zikuto za mabuku a sukulu. Iwo anaisindikiza zaka zoposa 100, kufikira inaleka mu 1929.