Chitungwiza: dzina lomwe linayamba tauni isanabadwe

Munthu akatsika kombi pa Makoni ku Seke amaona nyumba zofanana zitandandalikana m'madera otchedwa ndi zilembo, Unit A, Unit D, Unit K, ndipo angaganize kuti zonse pano zinabadwira pa desiki la boma la Rhodesia. Tauni ya Chitungwiza inakhazikitsidwadi mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, kuti antchito akuda azigona kutali ndi Salisbury, likulu la dzikolo. Koma maina ake akuluakulu sanachokere kwa atsamunda. Seke ndi dzina la mafumu eni nthakayi. Chitungwiza, kapena kuti Dungwiza, anali malo opatulika kumene kunkakhala Pasipamire, yemwe ankabwebweta mawu a mzimu wa Chaminuka, ndipo anthu ankapita kwa iye kukapempha mvula monga ankachitira makolo athu kwa Makewana ku Msinja. Ankhondo a mfumu Lobengula anapha Pasipamire mu 1883. Mlenje Frederick Selous analemba za malowa, ngakhale khutu lake linamva "Situngweesa", umboni wakuti dzinali linkamveka kale zaka zoposa 80 tauni isanamangidwe.

Kuti dzina la malo opatulika likhale moyo chotere si chinthu wamba. Ku Ajanta, m'chigawo cha Maharashtra ku India, amonke achibuda anasema mapanga pafupifupi 30 m'thanthwe la m'mbali mwa mtsinje wa Waghora, kuyambira zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe mpaka cha m'ma 480. Anagoba mwala kuchokera kudenga kutsikira pansi, n'kusiya nsanamira, zipinda zogona ndi ziboliboli za Buddha zili mbali ya thanthwe lomwelo, ndipo m'makoma anajambula nkhani za moyo wake. Amonke atachoka tchire linameza zonse, mpaka msilikali wa ku Britain, John Smith, anatulukira pamalowa mu 1819 akusaka nyama. Dzina lomwe dziko lonse likutchula lero ndi lobwereka ku mudzi wapafupi wa Ajintha. Kumeneko mwala unakhala koma mapemphero anatha, choncho kachisi anatenga dzina la mudzi. Kuno Pasipamire sanasiye nsanamira kapena chiboliboli, komabe mzinda wa anthu zikwi mazanamazana ndiwo unatenga dzina la kachisi, chifukwa omutchula sanathe.

Alipo otsutsa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati mudzi wa Pasipamire sunali pomwe pali mayuniti a Seke lero, unali kunja kwa malire a tauni, ndiye dzinali linangomatidwa ndi akuluakulu a boma pofuna kukometsa komboni yomwe anthu anakankhidwiramo. Zakuti dzina linasamuka n'zoona, koma kusamuka sikulichotsa mphamvu: Angoni a ku Mzimba ali ndi Ekwendeni ndi Embangweni, maina a chinenero chochokera kummwera kwenikweni, ndipo palibe amene amati ndi abodza. Pa nkhani ya kumata, tiyang'ane chaka. Mu 1978 nkhondo ya ufulu inali pachimake, ndipo asilikali omenyera ufulu a ZANLA anali atatcha kale limodzi mwa madera awo omenyera nkhondo kumpoto chakummawa kuti Chaminuka, lina Nehanda. Kaya anasainira ndani pepala, anthu olowa m'nyumba zatsopanozo ankadziwa bwino lomwe mwini Chitungwiza ndi momwe anafera.