Mzere wa M'fakitale Uyambira Kumunda



Chaka ndi chaka pa nyengo yogulitsa nandolo timamva dandaulo limodzi. Mlimi afika pa sikelo ndi thumba lake, wogula apisamo dzanja, nati, "Uyu ngosakaniza," ndipo atsitsa mtengo. Mlimi abwerera kwawo wokwiya, nanena kuti nandolo ndi nandolo basi, wamkulu ndi wamng'ono onse alowa mumphika umodzi. Sindikana kuti ogula ena amangonamizira kuti adyerepo. Alipo ndithu, ndipo masikelo awo, inu mafumu, muziwayang'anitsitsa. Koma chifukwa china chenicheni chilipo, ndipo kuti tichimvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, pamene anthu anaphunzira kupanga katundu pa mzere.

M'chaka cha 1913, ku Highland Park, pafupi ndi mzinda wa Detroit ku Amereka, Henry Ford ndi anthu ake anasintha kapangidwe ka galimoto. Kale galimoto inkakhala pamalo amodzi, amisiri namaizungulira ndi zida zawo, monga tichitira pomanga nkhokwe. Tsono iwo anatembenuza: mmisiri aime pamalo pake, galimoto ndiyo iziyenda, ikukokedwa pa mzere. Uyu amanga gudumu, uyo amanga nyale, wina ntchito yake ndi kulimbitsa nati imodzi yokha tsiku lonse. Nzeru imeneyi anaitengera kwa opha ng'ombe a ku Chicago, amene ankapachika nyama pa njanji yam'mwamba, aliyense nadulako chiwalo chake. Ntchito imene inkatha maola oposa 12 inayamba kutha pa ola limodzi ndi theka. Galimoto yotchedwa Model T, imene inkagulidwa madola 850 mu 1908, inatsika kufikira pansi pa madola 300. Koma ntchitoyo inali yotopetsa mutu, ndipo anthu ankaithawa, kotero kuti mu January 1914 Ford anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku kuti antchito akhazikike.

Mvetsani bwino pano. Mzere sudikira munthu. Ngati chitsulo chimodzi chafika chachikulu pang'ono kuposa chinzake, palibe nthawi yochipala. Mzere wonse uima, ndipo anthu mazanamazana angopinda manja. Chomwecho lamulo loyamba la mzere ndi lakuti zolowamo zonse zikhale zofanana.

Ford anakonda lamulo limeneli mopitiriza. Kuyambira 1914 kufikira 1925 galimoto zake zonse zinali za mtundu umodzi, zakuda zokhazokha. Pamenepo anzake a kampani ya General Motors, motsogozedwa ndi Alfred Sloan, anaona kuti ogula sali ofanana: wina ali ndi ndalama zochepa, wina afuna yooneka bwino. Iwo anakonza banja la magalimoto, Chevrolet ya wosauka kufikira Cadillac ya wolemera, koma zina mwa izo zinkagawana zitsulo zam'kati, monga Pontiac ya 1926 imene inatenga zambiri kwa Chevrolet. Ogula anayamba kumusiya Ford. Mu May 1927, atapanga Model T zokwana 15 miliyoni, analeka, ndipo fakitale inakhala miyezi ngati isanu ndi umodzi osatulutsa galimoto, akuzula makina akale ndi kuika ena. Apa anthu anaphunzira lamulo lachiwiri: thunthu likhale limodzi, koma kunsonga kukhale nthambi.

Nzeru yomweyi inafika ndi kwa olemba mapulogalamu, ndiwo malangizo amene ayendetsa kompyuta ndi foni imene muli nayo m'thumba. Mu 1976 David Parnas analemba kuti mapulogalamu ofanana aziyesedwa banja limodzi: muyambe mwapeza zimene onse ali nazo, zosiyana zibwere pambuyo. Kampani ina ya ku Sweden, imene pambuyo pake inatchedwa CelsiusTech, italandira pa nthawi imodzi ntchito ziwiri za zombo zankhondo, ya Sweden ndi ya Denmark, inalibe anthu okwanira kuzilemba padera. Inalemba thunthu limodzi nkulisintha pang'ono pa chombo chilichonse. Ofufuza a ku Carnegie Mellon ku Amereka analemba mbiri yake mu 1996 kuti ena atengerepo.

Tsono tibwere kwathu, pakuti zimenezi sizili kutali. Muzungulire phiri la Mulanje, kapena mudzere pa mpata wa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi, mufike ku mbali ya kumwera kumene mvula igwa yambiri. Kumeneko Henry Brown anabzala tiyi mu 1891, ndi mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre. Makolo a ambiri a inu, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, ndiwo anagwetsa mitengo, nathyola masamba m'maesiteti amenewo, ena mwa thangata lowawa.

Amene analowapo m'fakitale ya tiyi auona mzere ndi maso awo. Tsamba lifika laliwisi, aliyanika kuti lifote, makina alidula ndi kulipera, lisiyidwa kanthawi kufikira litasanduka lofiirira, lipita mu chowumitsira cha mpweya wotentha, ndipo potsiriza lifika pa masefa. Makilogalamu anayi kapena asanu a tsamba laliwisi apereka kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Kufikira pa chowumitsira njira ndi imodzi. Pa masefa mpamene pali nthambi. Tiyi yemweyo agawika m'magiredi, BP1, PF1, PD ndi D1, ndipo giredi iliyonse ili ndi mtengo wake pa msika wa tiyi ku Limbe. Nchifukwa chake kapitawo amakalipira wothyola amene waika masamba okhwima ndi timitengo m'dengu, nafuna masamba awiri ndi nsonga. Si nkhanza yokha ayi: tsamba lokhwima silifota pamodzi ndi lanthete, ndipo liwononga tiyi wa anthu onse a tsiku limenelo. Ngakhale ofufuza a Tea Research Foundation, imene inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo ili ku Mimosa, anathera zaka zambiri pa ntchito yomweyi: kusankha chitsamba chimodzi chabwino, monga SFS 150 kapena PC 108, nkuchichulukitsa ndi timitengo todula m'malo mwa njere, kuti munda wonse ubale tsamba lofanana.

Nandolo wanu ayenda ulendo wonga womwewo. M'mafakitale a ku Blantyre ndi Limbe amampeta, namsefa, nampititsa pa makina amene asenda khungu ndi kugawa njere pakati, kuti akhale dhal amene Amwenye adya tsiku ndi tsiku. Ife tinganene kuti ndi nandolo wa chipere. Makinawo amachunidwa pa msinkhu umodzi wa njere. Mukasakaniza Mthawajuni ndi mtundu wina wosiyana kukula, zazikulu ziphwanyika, zazing'ono zidutsa ndi khungu lake. Zophwanyikazo ndi makoko sizitayidwa, zigulitsidwa ngati chakudya cha ziweto, koma pa mtengo wotsika, ndipo kutayika kumeneko wogula amakuwerengera pa sikelo ya kumudzi. Njere zoboola anankafumbwe, zonyowa, ndi mchenga umene ena athiramo kuti thumba lilemere, zichita chimodzimodzi.

Ndipo tsoka la Ford lija linatigwera ifenso. Nandolo wathu wambiri ankapita kwa wogula mmodzi, dziko la India. Mu August 2017 boma la India linaika malire akuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka, ndipo inu a ku Phalombe mukumbukira m'mene mtengo unagwera, matumba nakhala m'nyumba kufikira atafumbwa. Mu 2021 maiko awiriwa anapangana kuti India azilola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu.

Pobzala chaka chino, mtundu uliwonse ukhale ndi chigawo chake cha munda, ndipo pomenya ndi posunga usakumane ndi unzake. Inu mafumu, m'midzi imene alimi asonkhanitsa zokolola kuti agulitse pamodzi, muike munthu wa maso pa khomo la nyumba yosungiramo, atsegule thumba lililonse lisanalowe.