Mbiri ya Phata la Atomu Lokhala ndi Mlendo

Usana ndi usiku, tizidutswa tosaoneka ndi maso tochokera kuthambo timawomba mpweya wokuta dziko lapansi. Pamwamba pa phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, zibenthu za tizidutswati zimagwa zambiri kuposa kugombe la nyanja ku Salima, pakuti mpweya wotchinga ndi wochepa. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi akale ankakwera mapiri a kwawo kapena kuulutsa zibaluni, kuti atikole pa filimu yojambulira zithunzi.

M'chaka cha 1952, mumzinda wa Warsaw ku Poland, umene udali usanapole zilonda za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Marian Danysz ndi Jerzy Pniewski ankapenda filimu yotere pa maikulosikopu. Filimuyo idali itakwezedwa ndi chibaluni mtunda wa makilomita pafupifupi 26. Iwo adaona kuti kachidutswa kakuthambo kadaswa phata la atomu, ndipo chibenthu chimodzi chidayenda pang'ono, n'kuima, kenaka n'kuphulika pachokha.

Phata la atomu wamba limakhala ndi mapulotoni ndi manyutuloni basi. Awiriwa adazindikira kuti m'chibenthucho mudali mlendo wolemera wotchedwa lambda, amene moyo wake sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. Phata lotere lidatchedwa hypernucleus.

Patapita zaka, anthu adaleka kudikira mwayi wakuthambo. Ku Brookhaven, m'dziko la America, adamanga makina owombanitsa maphata a golide pa liwiro loyandikira la kuwala. M'ng'anjo ya kuwombanako, tizidutswa tomwazika nthawi zina timagwirana n'kupanga hypertriton, phata lopepuka la pulotoni, nyutuloni ndi lambda. Mu 2010 gulu la STAR lidalengeza kuti lapezanso antihypertriton, mnzake wotsutsana naye. Mu 2024 gululi lidapeza maphata ena olemererapo pafupifupi 16 okha, litasefa kuwombana kokwana mabiliyoni 6.

Kodi kuvutika konseku n'kwa chiyani? Akatswiri amaganiza kuti lambda angapezeke m'kati mwa nyenyezi zakufa zothinana kwambiri, kumene munthu sangafikeko. Kudziwa mmene lambda amagwirirana ndi anzake ndiyo njira yomvetsera nyenyezizo.

Mbiriyi ikuonetsa kuti makina aakulu adadza pambuyo. Chiyambi chidali anthu awiri, m'dziko losauka, amene sadanyoze kamzere kachilendo pa filimu. Akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.