NJANJI ZIMENE ZINAGONA M'THENGO

Njanji ikaleka kugwira ntchito sichoka msanga pamalo pake. Udzu umamera pakati pa zitsulo, dzimbiri limadya misomali, mbuzi zimagona pamene panali siteshoni, koma mzere wake umaonekabe kwa munthu woyang'anitsitsa. M'dziko lathu muli njanji zotere zingapo: nthambi zopita ku doko kapena ku fakitale, ndiponso njanji zazifupi zapambali pamene mabogi ankaima podikira katundu. Iliyonse inayalidwa chifukwa cha mtsinje wina kapena katundu wina, ndipo inagona pamene mtsinjewo unasintha kapena katunduyo anatha. Nchifukwa chake wozitsata amaŵerenga mbiri ya chuma cha Malaŵi yolembedwa pansi.

Tiyambe ndi mtsinje wa Shire, pakuti ndiwo unali msewu woyamba. Katundu wochokera kunja ankatsikira ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, nakwera ndi sitima zapamadzi mpaka ku Chiromo, pamene Ruo amakumana ndi Shire. Kuchokera m'chigwa kunka kumapiri, zonse zinkayenda pamitu ya amtengatenga. Pofuna kuthetsa vutoli kampani ya Shire Highlands Railway inaganiza zoyala njanji kuchokera ku Chiromo mpaka ku Blantyre. Koma m'zaka zimenezo madzi a m'Nyanja ya Malaŵi anali kutsika, Shire naye anachepa, kotero kuti sitima zapamadzi zinkalephera kufika pa Chiromo miyezi yambiri pa chaka. Motero njanji inayambira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, ndipo inatsegulidwa mpaka ku Blantyre mu 1908. Kutalika kwake kunali mamailosi 113.

Madzi anapitirira kuthaŵa. Posakhalitsa doko la Port Herald nalo linayamba kuvuta, ndipo pofika 1915 njanji ina ya mamailosi 61 inali itatsika mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, m'dziko la Mozambique. Mu 1922 njanji yochokera ku Beira inafika ku Murraça, tsidya lina la mtsinjewo. Kwa zaka 13 katundu yense ankatsitsidwa m'mabogi, kuwoloka Zambezi pamadzi, ndi kukwezedwanso m'mabogi ena tsidya linalo. Madzi akachuluka njanji zapagombe zinkamira, akachepa zombo zinkatitimira mumchenga. Mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Sitima zitayamba kuwoloka pamlathowo, Chindio anatha ntchito. Malo amene anali chipata cha dziko lonse la Nyasaland anasanduka mathero a nthambi yosafika kulikonse.

M'chaka chomwecho cha 1935 njanji ya kumpoto inafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka. Tsono m'mbali mwa njanji yaikulu munabadwa njanji zambiri zapambali, iliyonse ndi katundu wake. Ku Limbe, kumene kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale mu 1908, kunali za fodya. Ku Luchenza ankakweza tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ku Bangula kunali thonje la m'chigwa. Ku Chipoka mabogi ankafika pa doko kukapereka katundu kwa sitima zapanyanja zopita kumpoto. Ku Changalume, kuseri kwa phiri la Zomba, kunapita nthambi yotenga zopangira simenti kunka nazo ku Blantyre. Ntchito ya ku Changalume itatsekedwa kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, nthambiyo inasoŵa chonyamula.

Zimene zinagoneka njanji ya kumwera ndi ziŵiri: nkhondo ndi madzi. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Njira ya ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya kudzera ku Nayuchi, nayo inatsekeka. Katundu wa dziko lino anasamukira m'malole oyenda maulendo aatali ndi odula. Amalonda atazoloŵera malole, ambiri sanabwererenso ku njanji ngakhale mtendere unadza mu 1992, ndipo njanji za m'mafakitale zinayamba kukwiririka.

Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola chiunda cha njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo, ndipo anthu anabwerera ku mabwato monga ankachitira makolo awo njanji isanadze. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga. Mu Januwale 2015 chigumula china chinaononganso njanji m'mbali mwa Ruo, ndipo sitima inaleka kufika ngakhale pa Makhanga. Kwa anthu a ku Thekerani, Sankhulani ndi Osiyana, kumene misewu imavuta m'dzinja, iyi sinali nkhani ya zitsulo chabe. Sitima ndiyo inkatengera nthochi ndi zokolola zina ku msika wa ku Limbe, nibwerako ndi mchere, sopo ndi malata. Itasiya, mtengo wa ulendo unakwera ndipo malonda a pa masiteshoni anazilala.

Nanga munthu wofuna kutsata njanji yakale ayang'ane chiyani? Choyamba ndi chiunda. Sitima sikwera chitunda chachikulu ndipo sikhota mwadzidzidzi, choncho mukaona mtumbira wautali wosalala pamwamba ukudutsa m'dambo, kapena ngalande yaikulu yosemedwa m'phiri, dziŵani kuti sizinadzipange zokha. Chachiŵiri ndi miyala yophwanya, yofanana kukula kwake, imene khasu limagunda m'munda wopanda miyala ina. Chachitatu ndi zitsulo zopingasa zimene njanji inkagonapo. Kuno ankakonda zachitsulo chifukwa chiswe sichikanazisiya zamitengo, ndipo zina mudzazipeza zitasanduka mizati ya mpanda kapena kaulalo ka pakhwaŵa. Ku matauni yang'anani mashedi aatali okhala ndi makomo aakulu kumbuyo, ndi khonde lasimenti lokwera kufika m'chiuno mwa munthu. Khondelo linamangidwa molingana ndi pansi pa bogi kuti matumba aloŵe osakwezedwa. Thanki yamadzi yokhala pamwamba pa nsanja imakumbutsa masiku a injini za nthunzi, zimene zinkaima kumwa madzi panjira. Ziŵiri mwa injini zoyambazo, Thistle ndi Shamrock, zinasungidwa: ina pa siteshoni ya Limbe, ina ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri.

Koposa zonsezi funsani okalamba. Amene anagwira ntchito ya njanji, kapena amayi amene ankagulitsa zakudya pamawindo a sitima, amadziŵa pamene panali mphambano iliyonse ndi katundu amene ankakwezedwapo. Zimene akudziŵa sizinalembedwe m'mabuku, ndipo chaka chilichonse chiŵerengero chawo chikuchepa. Mwana wa sukulu wokhala ndi kope ndi pensulo angathe kupulumutsa zambiri m'masana amodzi.

Potsiriza tisaganize kuti njanji yogona ndi yakufa. Mlatho wa Dona Ana, umene unakonzedwa nkumadutsapo magalimoto kuyambira 1995, unabwezeredwa kwa sitima mu 2009. Mu 2022 ntchito yoyalanso njanji inayamba pakati pa Marka ndi Bangula, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patapita zaka pafupifupi 40. Kumene chiunda chinasungika ntchito imapepuka. Kumene anthu anazula zitsulo kukagulitsa, kapena kumanga nyumba pamzere wa njanji, pamakhala milandu, chipukutamisozi ndi kuchedwa. Makolo athu ambiri anakhetsa thukuta posenza dothi la ziunda zimenezi m'madengu. Amene ali nazo pafupi ndi mudzi wawo azisamale, pakuti sitima ikadzabwerera idzafuna njira yake yakale yomweyo.