Madenga a ku Zolozolo: kuchokera pa udzu kufika pa malata

Zolozolo ndi dera limodzi la mzinda wa Mzuzu, womwe uli pamwamba pa mapiri a Viphya, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere. Mvula imagwa yambiri kuno ndipo imachedwa kusiya, nthawi zina mpaka Epulo kapena Meyi. Mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri, nkhungu n'kumakuta nyumba m'mamawa. Nyengo imeneyi ndiyo yakhala ikuwongolera kafoleredwe ka nyumba m'derali.

Mzuzu unayamba kukula cha m'ma 1947, pamene kunatsegulidwa esiteti ya mitengo ya tung. Anthu obwera kudzafuna ntchito ankamanga monga kumudzi: zipupa za dothi kapena zidina, phaso la mitengo ndi nsungwi, pamwamba udzu. Tsindwi ankalipanga lotsetsereka kwambiri kuti madzi asaimepo. Udzu unkadutsa mpweya, choncho nthunzi ya m'nyumba inkatuluka yokha, ndipo utsi wa pamoto unkaumitsa phaso n'kulikuta ndi mwaye, zomwe zinkachepetsa kufumbwa. Vuto lake linali kuwola msanga ndi mvula komanso ngozi ya moto. Pambuyo pake anthu anayamba kuyala pepala lakuda la pulasitiki pansi pa udzu kuti nyumba isadonthe.

Tauni itakula mpaka kukhala mzinda mu 1985, njerwa zootcha ndi malata zinafala. Matabwa a paini ochokera kunkhalango ya Chikangawa anapeputsa ntchito ya akalipentala, ndipo kufolera malata kunasanduka chizindikiro chakuti munthu wapeza bwino. Koma malata anabwera ndi vuto lawolawo. Usiku chitsulo chimazizira msanga kuposa mpweya wa m'nyumba. Nthunzi yochokera m'mpweya wa anthu ogona, m'mphika wowira pa mbaula ndi m'zovala zoyanika m'nyumba ikafika pa lata lozizira imasanduka madzi. Mbandakucha madontho amandandalika m'mizere ya lata n'kumagwera pa zofunda, kunja kulibe mvula. Anthu amati malata akutuluka thukuta. Chinyezicho chimadetsa zipupa, kuwoletsa matabwa ndi kuchititsa dzimbiri pozungulira misomali.

Amisiri anapeza njira zingapo. Pamwamba pa mawindo ndi zitseko amasiya timabowo todutsa mpweya. Ena amaika siling'i ya mabolodi, ndipo osowa ndalama amakhoma mphasa, makatoni kapena matumba pansi pa malata. Siling'i imathandiza pokhapokha mpweya ukamayenda pakati pa iyo ndi malata. Mpatawo ukatsekedwa kotheratu, madzi amaunjikana m'katimo mpaka bolodi kufufuma ndi kuchita mawanga. Khonde lotambalala ndi pulasitiki woyala pa maziko zimateteza zipupa ku madzi a mvula ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi.

M'zaka zaposachedwa kwafala nyumba za denga lobisika, zomwe malata ake amagona pafupifupi chafulati kuseri kwa khoma. Madenga otere amasunga madzi ngalande zikatsekeka ndi masamba, ndipo thukuta limadontha pomwepo m'malo motsetserekera kumapeto kwa lata. N'chifukwa chake amisiri ozolowera nyengo ya Mzuzu amalangiza zinthu ziwiri zimene ofolera udzu ankazidziwa kale: denga likhale lotsetsereka mokwanira, ndipo mpweya uzipeza potulukira.