Mbiri ya Tayala la Galimoto ya Mlimi

Mlimi amene ali ndi galimoto yonyamula katundu, imene ena amati bokosibode kapena pikapu, amadziwa kuti ndalama zace zambiri zimathera pa matayala. Galimoto yotere siyenda pa mseu wa phula pokha ai. Imalowa m'minda, imaponda zitsa ndi miyala yakuthwa, imaoloka madambo, ndiponso imasenza matumba a cimanga ndi a feteleza. Tayala likaphulika pa njira, mbeu zimacedwa kufika ku msika, ndipo nthawi zina galimoto imagubuduka, anthu nataya miyoyo. Cifukwa cace kusankha tayala lokhalitsa si nkhani yaing'ono. Koma munthu sangathe kusankha bwino ngati sadziwa zimene zimapha tayala. Mbiri ya tayala imaphunzitsa zimenezi, pakuti anthu amene analipanga analimbana ndi adani ace mmodzimmodzi kwa zaka zoposa 100.

Kale magudumu a ngolo anali a matabwa, ozengedwa ndi citsulo. Anali kukhalitsa ndithu, koma anali kugwedeza wokwera ndi kuswa katundu. Mphira inali yodziwika kale. Imeneyi ndi utomoni woyera ngati mkaka, wocokera ku mtengo wina wa m'nkhalango za ku Brazil. Koma mphira yaiwisi inali ndi bvuto lalikulu. Dzuwa likatentha inali kumata ngati ulimbo, ndipo kukazizira inali kuuma ndi kuthetheka. Charles Goodyear wa ku America anabvutika zaka zambiri kufunafuna mankhwala ace. M'caka ca 1839 anapeza kuti mphira ikaphikidwa pamodzi ndi sulfure imalimba, osamatanso pa dzuwa ndi osaumanso pa cisanu. Iye anamwalira m'caka ca 1860 ali ndi ngongole zambiri, koma njira yace ikugwirabe nchito kufikira lero.

Nzeru yaciwiri inali yoika mpweya m'kati mwa mphira. Woyamba kuiganiza anali Robert Thomson wa ku Scotland, m'caka ca 1845. Matayala ace anali a ngolo zokokedwa ndi akavalo, koma anali okwera mtengo, kotero kuti anthu anawaiwala. Patapita zaka zoposa 40, John Dunlop, dotolo wa ziweto wokhala mu mzinda wa Belfast ku Ireland, anamva cisoni poona mwana wace akugwedezeka pa kanjinga ka magudumu atatu. Anampangira tayala lopopa, ndipo m'caka ca 1888 analembetsa nzeru yaceyo ku boma. Ku France, abale awiri a banja la Michelin, André ndi Édouard, anapanga tayala lotheka kulicotsa ndi kulimata msanga m'caka ca 1891. M'caka ca 1895 anaika matayala opopa pa galimoto imene inalowa mpikisano wocoka ku Paris kunka ku Bordeaux ndi kubwerera. Matayalawo anabooka kawirikawiri pa njira, koma anthu anaona kuti mpweya ungathe kusenza galimoto. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti cimene cimanyamula katundu ndi mpweya, ndipo nchito ya tayala ndi kusunga mpweyawo.

Matayala oyambawo anali otuwa, ndipo anali kuperepeseka msanga. Ca m'ma 1910 opanga matayala anayamba kusakaniza mphira ndi mwaye wosalala kwambiri. Mwayewo unalimbitsa mphira, tayala nkumayenda mtunda wautali koposa kale. Ici ndico cifukwa cace matayala ali akuda.

Mdani wina anali kutentha. M'kati mwa tayala munali nsalu za thonje zoluka, zosanjikiza. Galimoto ikamayenda, tayala limapindika ndi kuongoka nthawi iliyonse pamene likhudza pansi. Ulusi wa nsalu zija unali kukhulana, nutentha, kenaka nuduka. Tsono opanga analeka nsalu yoluka, nayamba kuyala zingwe zogona mbali imodzi, zokutidwa ndi mphira kuti zisakhulane. Tayala la galimoto yolemera linali ndi misanjiko yambiri ya zingwezi: 6, 8 kapena 10. Pambuyo pace kunabwera zingwe za nayiloni ndi za waya, zolimba koposa thonje, kotero kuti misanjiko yocepa inakwanira. Komabe ciwerengero cakale cija sicinatayike. Malemba akuti 8 PR a m'mbali mwa tayala amatanthauza kuti mphamvu yace ilingana ndi misanjiko 8 ya thonje, ngakhale m'katimo mulibe yokwana 8.

Pa nthawi yomweyo galimoto inafika kwa alimi. M'caka ca 1925 kampani ya Ford ku America inayamba kugulitsa galimoto yaing'ono yokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo. M'caka ca 1932 mathirakitala anayamba kuyendera matayala opopa m'malo mwa magudumu acitsulo. Nchito ya ku munda inafuna tayala la mtundu wace, lopirira katundu ndi njira zoipa.

Mphira yofunika pa matayala onsewa sinacokerenso ku Brazil kokha. M'caka ca 1876 Henry Wickham anatenga mbeu pafupifupi 70,000 za mtengo uja napita nazo ku England, ndipo mbande zace zinatumizidwa ku Ceylon ndi ku Malaya, kumene kunadzalidwa minda yaikulu. Mtengo womwewo umalimidwanso ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay. M'caka ca 1942, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, asilikali a ku Japan analanda Malaya, ndipo America inafulumira kupanga mphira yocokera ku mafuta a pansi. Matayala a masiku ano ali ndi mitundu yonse iwiri. Koma a magalimoto olemera ali ndi mphira yambiri ya ku mtengo, pakuti imeneyi sitentha msanga ndipo sing'ambika msanga.

Kusintha kwina kwakukulu kunacitika m'caka ca 1946, pamene kampani ya Michelin inalembetsa tayala lochedwa radial. Zingwe zace zimacoka ku mlomo umodzi wa tayala kunka ku mlomo wina molunjika, ndipo pansi pa mphira yoponda mseu pali lamba wa waya. Tayala lotere silitentha kwambiri, limakhalitsa, ndiponso limacepetsa mafuta. Cofooka cace cili m'mbali, mmene muli mofewa, mosacedwa kung'ambika ndi citsa kapena mwala. M'caka ca 1947 kampani ya Goodrich ku America inalengeza tayala lopanda cubu, limene likabayidwa ndi msomali limaphwa pang'onopang'ono.

Mbiri yonseyi inalembedwa mwacidule m'mbali mwa tayala lililonse, ndipo mlimi wodziwa kuwerenga angathe kuiona yekha. Poyamba ayang'ane malemba akuti LT kapena C, amene amasonyeza tayala lopangidwira katundu. Tayala la galimoto yokwera anthu lingathe kukwana bwino pa gudumu la bokosibode, koma silingapirire matumba 20 a makilogalamu 50, amene ali tani imodzi. Kenaka ayang'ane nambala ya kulemera. Pa tayala lolembedwa 195R14C 106, cilembo R cimatanthauza radial, ndipo 106 amatanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 950 likapopedwa mokwanira. Lolembedwa 91 limasenza makilogalamu 615 okha.

Ayang'anenso msinkhu wa tayala, pakuti mphira imakalamba ngakhale isanaponde pansi. Kuyambira caka ca 2000, tsiku lopangira tayala limalembedwa ndi manambala anai. Manambala akuti 2319 amatanthauza sabata la 23 la caka ca 2019. Opanga ambiri amalangiza kuti tayala la zaka 10 licotsedwe, ngakhale lioneke labwino. Apa mpamene wogula matayala a kaunjika ayenera kucenjera. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala lingathe kupakidwa mankhwala nkuwala ngati latsopano, pamene zingwe zace zinaduka kale.

Mizere yakuya ya pamwamba pa tayala nayonso isankhidwe molingana ndi njira. Tayala la mizere ikuluikulu yotalikirana limagwira bwino m'matope, koma limatha msanga pa phula. La mizere ing'onoing'ono limakhalitsa pa phula, koma limaterera m'dambo. Mlimi woyenda konsekonse amapindula ndi la pakatikati, lolembedwa A/T. Mizere ikatsala mamilimita 1.6, ndiye kuti tayala latha.

Mdani wakale uja, kutentha, sanafe konse. Tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika kwambiri, limatentha, zingwe zace nkulekana ndi mphira, monga momwe anali kucitira matayala a nsalu. Limacitanso comweco likasenzetsedwa katundu woposa nambala yace. Cifukwa cace mlimi wanzeru amayesa mpweya m'mawa galimoto isanayende, napopa monga momwe analembera opanga galimotoyo. Matumba akacuruka, amayenda maulendo awiri. Mafuta a ulendo waciwiri ndi ochipa poyerekeza ndi mtengo wa tayala latsopano, ndipo anthu okwera kumbuyo amakafika kwao amoyo.