Mbaula ya Dongo ndi Malonda Ake m'Chigwa cha Shire

Omvera ambiri akamva za Chikwawa ndi Nsanje amaganiza za kutentha, thonje, nzimbe ndi madzi osefukira. Koma chigwachi chilinso ndi mbiri yake pa nkhani ya moto ndi magetsi. Pa mathithi a Kapichira pali makina opanga magetsi amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000, ndipo kuyambira 2004 kampani ya PressCane imatcheza mafuta a ethanol kuchokera ku zotsalira popanga shuga ku Nchalo. Zambiri mwa zimenezi zimakwera mtunda kunka m'mizinda. Mayi wa kwa Ngabu kapena wa kwa Tengani anatsala ndi mafuwa ake atatu.

Nkhuni zoika pa mafuwapo zinayamba kusoŵa kwambiri kuyambira 1986, pamene abale othaŵa nkhondo ya ku Mozambique anawoloka malire mwaunyinji. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka, ndipo banja lililonse linafuna mitengo yomangira ndi yophikira. Mtendere utabwera mu 1992 alendowo anayamba kubwerera kwawo, koma nkhalango zinali zitaperepeseka kale.

Chida chochepetsa vutoli chinachokera ku Mulanje, kumene ntchito yothandizidwa ndi dziko la Germany inayambitsa Chitetezo Mbaula kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Imeneyi ndi mbaula ya dongo. Dongolo amayamba alivundika, kenaka amaliumba m'chikombole, kuliumitsa pamthunzi ndi kuliotcha mu uvuni. Imadya nkhuni zochepa, utsi umachepa, ndipo zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimayakamo bwino.

M'chaka cha 2013 Pulezidenti Joyce Banda analengeza cholinga cha Boma chakuti mbaula zamakono 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020. Nthambi ya Boma yoona za mphamvu inatsogolera komiti ya ntchitoyi, ndipo mabungwe monga Concern Universal anaphunzitsa magulu a m'midzi, ku Nsanje komwe.

Kuumba sikunali kovuta kwa amayi amene anakula akuona agogo awo akuumba miphika ndi mitsuko. Phunziro lenileni linali la malonda. Gulu linayenera kudziŵa kuŵerengera mtengo wa nkhuni zootchera, masiku ogwira ntchito ndi ulendo wa kumsika, osaiŵala mbaula zimene zimasweka pa njinga zisanafike ku Bangula kapena ku Nchalo. Linayenera kulemba zoloŵa ndi zotuluka m'buku, kusunga phindu ku banki m'khonde, ndi kupeza mawu okopa munthu kuti agule chophikira pamene miyala itatu amatola ulere. Gulu lopanda maphunziro ameneŵa limaumba mbaula zokongola, zimene zimangounjikana pakhonde.

Kumapeto kwa 2020 kunalengezedwa kuti chiŵerengero cha 2 miliyoni chakwana. Imeneyi inali ntchito yaikulu ndithu, komabe chiŵerengerocho sichisiyanitsa mbaula zogulidwa ndi zogaŵidwa ulere. Bungwe likagula zambirimbiri kuti ligaŵe, oumba amalandira ndalama nthaŵi imodzi. Ntchito ya bungwelo ikatha, mayi woumba amafika pamsika ndi katundu wake, napeza kuti amene akanagula akudikira galimoto ina yodzagaŵa.